Diso Lofiira Pamwamba pa Polo

Amene anayamba kuliona diso lija anali Mayi Anapiye, ndipo sanauze munthu.

Dzinali anapatsidwa ndi anthu a mumsewu wawo chifukwa cha ntchito yawo. Chimwalirireni amuna awo, mayiwa ankakhala okha m'nyumba ya kumapeto kwa msewu, ndipo chipinda chimene kale chinali cha alendo anaikamo makina oswetsera mazira. Makinawo anali ngati kabati yaitali ya chitseko cha galasi, ndipo ankafuna kutentha kosasinthasintha usana ndi usiku. Anapiye a mayiwa anali otchuka. Anthu ankachokera kutali kudzawagula, ndipo ndi anapiye omwewo amene anaphunzitsa mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, mpaka anapeza ntchito ku kampani ya magetsi m'dera lina. Mayi Anapiye sankabisa kunyada kwawo. Ankayenda khosi lili chilili, ndipo akamatchula ntchito ya mwana wawoyo ankakweza mawu pang'ono kuti ndi wakumbuyo yemwe amve.

Moyang'anana ndi geti lawo panali polo ya magetsi yonyamula thiransifoma, chitsulo chachikulu chotuwa chimene chinkagawira magetsi nyumba zonse za mumsewuwo. Kuseri kwa poloyo kunali nyumba yosatha, yofolera kale koma mazenera ake otseka ndi matabwa. Mwini wake anapita kutali kukagwira ntchito, makiyi nasiyira bambo wina wa mumsewu womwewo amene ankalondera nyumba yosungiramo katundu usiku. Onse ankangomuitana kuti a Mlonda.

Inali nyengo yozizira. Usiku wina Mayi Anapiye anadzuka kuti akathire madzi m'kambale ka m'makina, ndipo ali chiweramire anaona babu la m'chipindamo likufooka pang'onopang'ono mpaka kusanduka lachikasu ngati diso la munthu wodwala. Firiji ya kukhitchini inabuula, kenako inangoti zii. Anakankha katani kuti aone ngati kwa anzawo kunali chimodzimodzi, ndipo m'pamene analiona. Pamwamba pa polo, pambali pa thiransifoma, panali kadontho kofiira ngati nsonga ya ndudu yoyaka. Koma ndani angakhale m'mwamba muja n'kumasuta? Kadonthoko sikankasuntha. Kankangowala pang'ono, n'kuzirala, n'kuwalanso, ngati chinthu chimene chikupuma chili mtulo.

Kutacha panalibe kanthu. Polo inali polo, mbalame zitaterapo monga mwa masiku onse.

Usiku wotsatira diso linabweranso, ndipo ulendo uno analiona ambiri. Thiransifoma ija inkalira motsitsa kuyambira kale moti anthu anali ataizolowera, koma tsopano kulira kwake kunasintha. Kunali kokhuthala, kokhala ndi kuthetheka mkati mwake ngati mafuta akalandira dontho la madzi. Agalu a mumsewu ankafika chapafupi, n'kuima, n'kubwerera michira ili pakati pa miyendo. Wometa tsitsi, pobwera kuchokera kokacheza, analumbira kuti anamva mawu a munthu akuimba pansi pa poloyo pomwe panalibe munthu. Anati anali mawu opyapyala ngati ulusi, osadziwika ngati ndi a mwana kapena a nkhalamba. Anathamanga mpaka anataya nsapato imodzi, ndipo m'mawa anatuma mkazi wake kuti akaitole.

Kenako katundu anayamba kusowa, ndipo chodabwitsa n'chakuti ankasowa m'nyumba imodzi yokha, ya a Mlonda. Linayamba ndi bulangete lolemera la pabedi la alendo. Kenako kapu yachitsulo, shuga, buledi, juzi yakale. Zitseko sizinkathyoledwa, mazenera anali otseka bwinobwino. Mkazi wa a Mlonda, mayi wa pakamwa posatseka, anayamba kuyenda khomo ndi khomo kufotokoza, ndipo nkhani yake inkanenepa pa khomo lililonse.

"Inu simukuona kodi?" ankanong'oneza. "Diso limene lija limayang'ana geti la ndani? Anapiye obadwa opanda make, mazanamazana, mwezi ndi mwezi, inu mumati ndi makina? Nanga mwana wamkazi wokwera mapolo ngati nyani munamuona kuti? Banja limene lija ndi la zam'mwambamwamba."

A Mlonda eni ake sankanena zambiri. Ankangochenjeza aliyense kuti asayandikire poloyo kapena nyumba yosathayo dzuwa likalowa. "Pali zinthu zina zosafunika kuziona," ankatero, maso ali pansi, n'kukwera njinga yawo kupita kuntchito kusanade.

Manong'onong'o anawafika Mayi Anapiye kudzera kwa wogulitsa m'golosale, amene tsiku lina anawapatsa sopo mosafuna kukhudza dzanja lawo. Amayi awiri amene anali pakhomo la golosaleyo anasiya kuyankhula, mmodzi n'kukokera mwana wake kumbuyo.

"Pitirizani, amayi anzanga," anatero Mayi Anapiye akukonza nsalu yawo paphewa. "Ngati ndi za ine, neneni ndili pompano, ndikuthandizeni pomwe mwalakwitsa."

Anatuluka mosafulumira, koma atafika kunyumba anakhala pampando nthawi yaitali sopo uja ali m'manja.

Ogula anayamba kuchepa. Wina amene anali atalonjeza kudzatenga anapiye anatumiza uthenga kuti wasintha maganizo. Mayi Anapiye atakadandaula ku ofesi ya magetsi ya m'deralo, anauzidwa kuti dandaulo lawo lalandiridwa ndipo adikire. Mwana wawo sanamuuze. Ankati mumtima mwawo, mwana ali ndi ntchito yake, ndipo iwo sanafike pobisala kumbuyo kwa mwana chifukwa cha milomo ya anthu.

Chimene chinawathyola chinali tsiku loswa mazira. Masiku oterowo chipinda chija chinkadzaza ndi kulira kwa anapiye kuyambira mbandakucha, koma m'mawa umenewo munali zii. Anatsegula chitseko cha galasi n'kutenga dzira limodzi, n'kuliika kukhutu. Munalibe kugogoda. Analiswa ndi chikhadabo, ndipo mkati munali kamwanapiye kathunthu, ka nthenga zake ndi kamlomo kake, katapinda khosi, kozizira. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu chimodzimodzi. Kufooka kwa magetsi kwa usiku ndi usiku kunali kutawapha onse atatsala pang'ono kutuluka. Anawakwirira kuseri kwa nyumba okha, osalira, milomo italumana.

Usiku umenewo sanagone. Babu litangoyamba kuchita chikasu, anavala jekete la malemu amuna awo, natenga tochi, natsegula geti.

Kunja kunali mdima wa ndiwe yani. Nyumba zonse zinali zotseka, makatani okoka, ngakhale wailesi sinkamveka. Anawoloka msewu mapazi akulira pamiyala, ndipo akamayandikira, kulira kwa thiransifoma kunkawalowa m'mano. Anaima pansi pa polo n'kuyang'ana kumwamba. Pafupi chotero diso lija silinali lozungulira ayi. Linali lalitali ngati chala, lofiira pakati, m'mbali mwake lakuda, ndipo nthawi ndi nthawi linkalavula kanthethe kamene kankazima kasanafike pansi. Fungo linawapeza, lowawa pakhosi, la pulasitiki yopsa. Chinthu china chinadontha n'kugwera pa mkono wa jekete. Atawunika ndi tochi anaona kadontho kakuda konata, kakufuka utsi.

Mtima wawo unayamba kukhazikika, poti chinthu chonunkha pulasitiki ndi chinthu cha anthu. Koma asanatembenuke, mphepo inaleka, ndipo anaimva nyimbo ija.

Inali yapansipansi, yonjenjemera, yoduka pakati ngati woimbayo akusowa mpweya. Mawu ake sankamveka, koma kayendedwe kake kanali ka nyimbo yogonekera mwana. Sinkachokera pamwamba pa polo. Inkachokera kumbuyo kwake, ku nyumba yosatha ija, kumene matabwa a pazenera lina ankaoneka ngati ali ndi kamzere kofiirira m'mphepete. Anafuna kuthamanga, koma anakumbukira kuti kuseri kwa makatani aja kukhoza kukhala maso, ndipo sanafune kuti mawa anthu adzanene kuti anawaona akuthawa. Anabwerera akuyenda ngati akuchokera kumsika, natseka geti.

Anaimba foni nthawi yomweyo.

"Amayi, kwagwanji usiku uno?" anafunsa mwana wawo ndi mawu a tulo.

Anamufotokozera zonse: diso, kuthetheka, fungo, dontho lakuda, anapiye. Za nyimbo sananene.

"Ndipo mwakhala chete masiku onsewa?" Tulo tinali titamuthera. "Amayi, pamenepo ndi polumikizira mawaya, pakutentha. Pakapitirira, thiransifoma imeneyo iphulika, mafuta ake oyaka agwera pa madenga anu. Musayandikirenso, mwamva? Ndiyankhula ndi akuluakulu anga kukangocha. Ndikubwera."

Anafika madzulo a tsiku lotsatira pa galimoto ya kampani yonyamula makwerero, ali ndi amuna awiri ogwira nawo ntchito. Anatsika atavala ovololo, nsapato zolemera ndi chipewa cholimba, ndipo amuna awiri aja ankadikira kuti iye anene chochita. Anthu anatuluka m'nyumba n'kuima patali m'timagulu. Mayi Anapiye anatulutsa mpando n'kuuika pageti penipeni, nakhala, manja atapinda pachifuwa.

"Tidikire kude," anatero mtsikanayo kwa anzake. "Ndikufuna ndione ndi maso anga pamene pakuyaka."

A Mlonda anali atatuluka ndi njinga yawo kuti azipita kuntchito, koma ataona galimotoyo anaima. Dzuwa linalowa iwo ali chiimire pomwepo, atagwira mahandulo. Mkazi wawo anali pambali pawo akunong'onezana ndi anzake.

Mdima utakhuthala, mababu a m'makonde anafooka onse pamodzi. Thiransifoma inasintha mawu. Ndipo pamwamba paja, pang'onopang'ono, diso linatseguka. Khamu lonse linabwerera m'mbuyo. Njinga ya a Mlonda inagwa pansi, belu lake n'kulira lokha.

Mtsikanayo anayankhula pa foni mwachidule, anzake anakoka mafyuzi ndi ndodo yaitali, ndipo msewu wonse unagwa mumdima. Diso linazirala mpaka kuzimiririka. Atayeza n'kutsimikiza kuti mawaya afa, mtsikanayo anamanga lamba m'chiuno, nayatsa tochi ya pachipewa, nayamba kukwera. Kunkangomveka kulira kwa zitsulo za pa lamba wake ndi kupuma kwa anthu. Kuwala kwa pachipumi pake kunakwera mumdimamo mosagwedezeka mpaka kunafika pamene palibe mwamuna wa mumsewuwo akanayerekeza kufika.

"Ameneyo ndi mwana wanga," anatero Mayi Anapiye, osayang'ana munthu. "Ndinam'bereka ndekha pamsana pano."

Patapita kanthawi mawu anatsika kuchokera kumwamba. "Pali waya wachilendo pano. Wina anangomupotokola ndi manja pa cholumikizira, osamanga ndi bawuti. Ndi amene akutentha. Watsikira kuseri kwa polo."

Atatsika anautsatira wayayo ndi tochi. Unali wopakidwa matope kuti usaoneke, unalowa m'ngalande, n'kudutsa pansi pa udzu, n'kukalowa pa kabowo ka m'munsi mwa khoma la nyumba yosatha. Pachitseko panali loko wamkulu wotseka.

"Makiyi a nyumba ino ali ndi ndani?"

Anthu onse anatembenukira kwa a Mlonda. Bamboyo anapisa m'thumba, koma potulutsa makiyi anagwa pansi. Mayi Anapiye, amene anali atanyamuka pampando paja, anawatola okha n'kutsegula.

Mkati munali fungo la simenti, mkodzo ndi fumbi lotentha. Anadutsa pabalaza lopanda kanthu, tochi ikuyenda pa makoma osapaka, mpaka pa chipinda chakumapeto. Mmenemo munali mofunda. Pansi panali mbaula ziwiri za magetsi, zitsulo zake zikulirabe *ti, ti, ti* pozizira. Pambali pake panali kapu yachitsulo ndi buledi wodyedwa theka. Ndipo pakona, pa matiresi, pansi pa bulangete lolemera, panali nkhope yaing'ono yamakwinya, maso ake akuphethira m'kuwalako.

"Mwazimitsiranji moto?" inafunsa nkhalambayo ndi mawu opyapyala aja. "Kukuzizira."

Mkazi wa a Mlonda, amene anali atadzipanikiza kuti aone nawo, anakuwa kamodzi n'kudzitseka pakamwa. Anali apongozi ake, mayi a mwamuna wake, amene msewu wonse unkadziwa kuti anatumizidwa kwa achibale kutali miyendo yawo itafa.

A Mlonda anagwada pakhomo la chipindacho. Anayankhula osadzutsa mutu. Anati mkazi wawo ananena kuti watopa kusamala wodwala, ndipo asankhe pakati pa iye ndi mayi awo. Achibale onse anakana kuwalandira. Ndiye anawabweretsa muno usiku wina pa njinga, n'kumawadyetsa m'mawa pochokera kuntchito ndi madzulo asanapite. Kuzizira kutayamba anakwera polo okha n'kukoka wayayo.

"Mukanafa pamwamba paja, bambo," anatero mtsikanayo motsitsa. "Ndipo mukanaotcha msewu wonse, pamodzi ndi mayi anu otsekeredwa muno. Izi ndikanena ku ofesi, sindingabise. Mukayankha kumeneko."

"Ndikayankha, mwanangu." A Mlonda anadzutsa mutu. "Koma chinthu chimodzi sindikuchimvetsa. Ine ndimayatsa mbaulazi masana okha. Ndikamapita kuntchito ndimazimitsa, kuopa moto. Lero ndazimitsa ndi dzanja langali, n'kukhoma loko. Nonse mwandiona ndili panja pamene chinthu chija chimayaka."

Mtsikanayo anakweza tochi. Swichi inali pamwamba pafupi ndi chitseko, pofika munthu woimirira, kutali ndi matiresi. Inali yoyatsa. Anayang'ana mazenera, matabwa onse anali okhomedwa ndi misomali yadzimbiri. Anayang'ana miyendo ya nkhalambayo, yowonda ngati timitengo, yosagwedezeka. Anthu amene anali pakhomo anayamba kubwerera m'mbuyo mmodzimmodzi.

Mayi Anapiye okha ndi amene anasendera kutsogolo. Anavula nsalu yawo yakunja, nawerama pa matiresi paja. "Tandithandiza, mwana wanga, tiwakweze kumsana." Ndipo anatembenukira kwa mkazi wa a Mlonda, amene anali atatsamira khoma akulira. "Bulangete lanu lija ndi ili, mayi. Mulipeza kwathu mukadzalifuna. Mudzagogode pageti, masana, anthu akuona."

Anatuluka nayo nkhalambayo ili kumsana, nadutsa pakati pa khamu lija, ndipo anthu anapatuka kuwapatsa njira. Wometa tsitsi anavula chipewa. Wa golosale anathamanga kukatsegula geti.

Mtsikanayo ndi anzake anagwira ntchito mpaka usiku. Anadula waya wakuba uja, nachotsa cholumikizira chopsacho, naika chatsopano n'kuchimanga zolimba. Magetsi atabwerera, mababu a mumsewu wonse anayaka oyera, ndipo ena anaomba m'manja. Mtsikanayo anangomwa tiyi choimirira, napsompsona mayi ake pachipumi, galimoto n'kunyamuka, poti ntchito ina inali kumudikira kwina.

Mayi Anapiye anawasambitsa agogo aja ndi madzi ofunda, nawaveka diresi lawo lomwe, nawagoneka pabedi m'chipinda cha mwana wawo. Akuwafunditsa, dzanja lowonda linawagwira pamkono.

"Mwamuuza uja kuti ndasamuka?"

"Mwana wanu? Akudziwa, agogo. Abwera m'mawa."

"Ayi, osati mwana wanga. Mwana wanga amabwera kukuwala." Nkhalambayo inayang'ana kuchitseko. "Wina uja, wamtali. Amene amabwera kukada kudzandiyatsira moto. Sayankhula. Amangoima pamutu panga, ine n'kumamuimbira. Akapeza mulibe munthu, andifunafuna."

Mayi Anapiye anamvetsera kulira kosalala kwa makina m'chipinda china. Kenako anawongola msana.

"Akakufunani akupezani kuno," anatero. "M'nyumba muno simubisidwa munthu, agogo. Gonani."

Anazimitsa babu la kuchipinda, napita pabalaza. Anakoka mpando n'kuuyang'anitsa kukhomo, nakhala, khosi lili chilili, manja ali pamawondo. Kunja mphepo inali italeka. Patapita nthawi, mwakachetechete ngati munthu wosafuna kudzutsa ogona, chitsulo cha pageti chinalira.